Amuna anga akukana mafuta a ku Zambia

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kumapiri a Ntchisi. Amuna anga, a Obed, pa ulimi wa mtedza palibe wowaposa m'mudzi muno. Chaka chino tinapeza matumba khumi ndi anayi a mtedza woswa.

Mu Julaye tinakumana ku Mponela ndi mayi Nuria, a bizinesi ochokera ku Chipata m'dziko la Zambia. Anati mtedza wathu kwawo amaulimbirana, ndipo pa thumba lililonse atipatsa chigubu cha mafuta ophikira cha malita makumi awiri. Ine mtima unakhala pansi. Abambowa anangowayankha mayiwo kuti, "Mayi, Malawi si dziko lopemphetsa. Mafuta tiyenga tokha."

Anagulitsa mbuzi ziwiri n'kugula makina oyengera mafuta opukusa pamanja. Kunena zoona, mafuta awo ndi onunkhira kuposa a ku Zambiawo. Koma thumba limodzi limawatengera masiku anayi, n'kutulutsa malita khumi ndi awiri basi, ndipo akatopa wopukusa ndine. Anzathu amaliza kupanga mizere, ife kumunda kudakali tchire, mvula ili pafupi. Nditadandaula anati, "Amake Hope, ufulu umawawa m'mapewa."

Nambala ya mayi Nuria ndili nayo. Kodi ndiwapatse matumba asanu mobisa?

P.K., Ntchisi

Mayi P.K.,

Ndiyamikireniko abambo pokonda dziko lawo. Mungowapempha atembenuze makinawo awerenge pansi pake, tidziwe mudzi wa ku Ntchisi umene anapangidwira. Ndikukayika kuti ndi pafupi kuposa Chipata.

Tsoka la amuna anu n'lakuti amatha zonse, koma tsiku lawo n'lofanana ndi la aliyense. Abusa akhoza kukhala ndi mawu okoma kuposa kwaya yonse, koma akakhalira kuimba, alalikira ndani? Masiku anayi a pamakina ndi masiku anayi amene katswiri wa mtedza sanapite kumunda. Mayiko nawonso amatero: lililonse limalimbikira chimene limapindula nacho kwambiri, zinazo n'kusinthana ndi anzawo. Mayi Nuria sakukuchitirani chifundo, akufuna mtedza. Wopemphetsa palibe apa.

Zogulitsa mobisa iwalani, mungapeze mafuta n'kutaya banja. Apempheni abambo muyese ndi thumba limodzi lokha. Chigubu chikabwera, chiikeni pambali pa mabotolo awo, inu n'kukhala chete.

Musathamangirenso malita makumi awiriwo. Ochepera khumi ndi awiri muwakane, chifukwa amenewo mumawapeza nokha. Yambirani pa makumi awiri ndi asanu, mayiwo akaima pamene phindu lawo lathera, ndipo pakatipo m'pamene nonse mudyerapo. Funsaninso ogula ena pa Mponela. Sikelo ikhale yoti mumaikhulupirira, chigubu chikhale chosatsegula, ndipo muone mapepala owalola kudutsa ndi katundu pamalire. Mbewu ndi mtedza wa nsinjiro zisatuluke m'nyumba.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku limene abambo adzavomere, mawu oti "ndinanena ine" muwameze. Mukadzawamva akuuza anzawo kutchalitchi kuti alimbitsa ubale wa Malawi ndi Zambia, inu ombani m'manja, muwapatse khasu.

Aphungu