Chokoleti mu Nsapato ya Tjalda

Harlingen, 9 Disembala

Wokondedwa mng'ono wanga Marrit,

Ndikhulupirira uli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi mlamu Douwe ndi ana. Chifuwa chako chija chinatha? Kuno mwamuna wanga Wiebe ali bwino, mwana wathu wamng'ono Jelmer akungosuwa zovala, koma za ine usafunse.

Paja ndinakuuza kuti mwana wathu wamkulu Tjalda matenda a Crohn amubwerera, matumbo ali zilonda zokhazokha. Adokotala analamula masabata asanu ndi limodzi osalawa chakudya chilichonse, koma chakumwa cha kuchipatala chija, mabotolo asanu patsiku, ndi madzi basi. Anati zikakanika abwerera ku mankhwala aja anamutupitsa nkhope chaka chatha, mpaka anzake kumamutcha chibaluni.

Mwanayu analimba mtima, iwe. Chakumwacho chimanunkha ngati katoni yonyowa, koma ankatsina mphuno n'kumeza. Ife tinkadyera chiimire m'galaja ngati akuba, kuti fungo la mbatata lisamupeze. Pofika sabata yachinayi magazi anasiya, anayambanso kupalasa njinga.

Kenako inakwana nyengo ya Sinterklaas, nkhalamba yokwera hatchi ija imene ana amakhulupirira kuti imabweretsa mphatso usiku. Ana anaika nsapato zawo pakhomo, karoti wa hatchi ali m'kati, kudikira mphatso. Zilembo za chokoleti ndinali nditagula kalekale monga ankachitira amayi athu, manja anangotola okha m'sitolo. Mu nsapato ya Jelmer ndinaikamo J wake, chilembo choyamba cha dzina lake. Ya Tjalda ndinaikamo makrayoni, koma inaoneka ngati ya mwana wamasiye. Ndinaponyamo T wa chokoleti, n'kumadzinamiza kuti asunga mpaka adzachire. Wiebe sindinamuuze.

M'mawa ndinamupeza Tjalda pamasitepe, milomo ili bii, akuseka ngati kale. Anandiuza kuti Sinterklaas amadziwa zonse, zimalembedwa m'buku lake lalikulu lija, ndiye sakanamupatsa chokoleti akanakhala kuti sanachire.

Kuyambira pamenepo botolo analikaniratu. Ndikamunyengerera ankandifunsa ngati ine ndimadziwa kuposa Sinterklaas. Kusukulu ankapempha buledi wa tchizi kwa anzake, kunyumba ankaba mabisiketi. Patatha masiku asanu magazi anayambiranso, ndipo ndinamumva akubuula m'chimbudzi atatseka chitseko.

Adokotala anati chokoleti chimodzi si mlandu waukulu, choopsa ndi masiku amenewa. Anatipatsa mpaka Lolemba: akayamba kumwa tiyambirenso masabata onse aja, akakana ndi mankhwala otupitsa basi. Wiebe sanandikalipire, anangondiyang'ana. Bola akanakalipa.

Ndiye dzana ndinamukhazika mwanayo pabedi n'kumuuza zoona. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, Marrit, ife za Sinterklaas tinazikhulupirira mpaka zisanu ndi zinayi. Ndinamuuza kuti kulibe buku, kulibe hatchi, karoti uja amatafuna ndi bambo ake, ndipo chokoleti ndinaika ndine. Ndinkayembekezera kulira. Sanalire, anangofunsa kuti:

"Ndiye inuyo amayi mumadziwa kuti ndikudwalabe?"

Ndinavomera.

"Nanga munandipatsiranji?"

Ndikanati chikondi, akanandifunsa kuti chikondi chanji chotulutsa magazi.

Botolo wayamba kumwa, zimenezo zokha ndithokoze. Koma amafuna atsegule bambo ake, iye akuona. Ndikamupatsira ine amalikankhira kumbali mwaulemu, ngati chinthu chochokera kwa mlendo. Wiebe amachoka m'mamawa kupita kudoko, ndiye mabotolo awiri a masana amangokhala patebulo mpaka abwere. Motere sitikwanitsa, ndikudziwa, ndipo mtima wanga watheratu.

Ndikukupempha, muimbire foni Lamlungu. Iwe amakumvera, paja amati ndiwe wekha wosanama m'banja muno. Usandiikire kumbuyo. Ungomuuza kuti mayi ake ndi chitsiru, koma botolo limene ndikumupatsalo ndi labwinobwino. Ndipo phukusi la Khrisimasi usaikemo maswiti, ngakhale a Jelmer.

Undiperekere moni kwa Douwe ndi ana, Mulungu akusungeni athanzi nonsenu. Nsapato ija Tjalda waichotsa yekha pakhomo, koma ya Jelmer waisiya. Akuti Jelmer tisamuuze zoona, iye akadali mwana.

Ndine mkulu wako,
Sietske