Masheya a Foni Aimitsa Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mlolo m'boma la Chadiza. Nkhani yangayi aliyense akaimva amaseka. Inenso nthawi zina ndimaseka, koma ndikakumbuka kuti chinkhoswe cha mwana wanga chaima, kuseka kumathera pakhosi.

Amuna anga, bambo a Selina, anali mlangizi wa zaulimi ndipo anapuma ntchito chaka chatha. Ndi munthu wabwino, Aphungu. Samwa, samenya, ndi mkulu wa mpingo. Atalandira penshoni tinafolera nyumba ndi malata, tinagulanso ng'ombe ziwiri zolimira. Ndalama zotsalazo ndi zimene zadzetsa chimpwirikiti. Mnzawo wina wa ku Chipata anawaonetsa kuti masiku ano munthu angathe kugula masheya a makampani akunja pafoni pomwe. Anandifotokozera kuti sheya ndi kachigawo ka kampani, ukagula ndiye kuti nawenso ndiwe mwini wake. Iwo anasankha kampani yopanga mafoni otchedwa Olinta, chifukwa foni yawo ya Olinta inagwerapo m'chitsime cha kudimba, n'kuivuula ikuimbabe nyimbo.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu pali bwana wa kampani. Kukacha, asanasukusule n'komwe, amakwera pachulu cha kuseri kwa khola, poti netiweki imagwira pamenepo. Amakaona kamzere kena kake pafoni. Kakakhala kobiriwira amatsika akuimba likhweru, n'kumanditcha kuti "mayi a kampani". Kakafiira, ngakhale nkhuku zimadziwa kuti lero n'kuyendera kutali. Kutchalitchi akamapereka moni maso amakhala pathumba la munthu kuti aone foni yake. Tsiku lina kumaliro anafunsa wolengeza za mwambo kuti, "Achimwene, n'chifukwa chiyani simugula foni ya kampani yathu?" Ine ndinangofunda chitenje kumutu.

Zonsezi ndinkapirira. Vuto lenileni linabwera ndi chikole.

Mwana wathu woyamba, Selina, anapeza mnyamata wa ku Zemba dzina lake Timoti, kalipentala waulemu ndi wolimbikira ntchito. Timotiyo anapereka chikole cha foni yatsopano. Koma foniyo ndi ya Bekiso, kampani imene ikupikisana ndi Olinta. Bambo a Selina ataiona anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kunena kuti, "Mwana wanga, walowetsa mdani m'nyumba." Analamula kuti isamatchajidwe pa sola yathu. Mpaka lero Selina amakatchaja kwa aneba.

Ankhoswe a mbali zonse anakumana bwinobwino n'kugwirizana kuti chinkhoswe chichitike tikatha kukumba mtedza. Kenaka makolo a Timoti anati abwere adzaone pakhomo kuti tidziwane. Ndinapha tambala, ndinazira pakhonde. Bambo a Timoti, a Agostino, ndi mphunzitsi wopuma, pano ali ndi chigayo. Anafika ndi akazi awo panjinga yamoto, ndipo macheza anayamba bwino zedi, za mvula, za mtengo wa thonje. Mwatsoka foni ya a Agostino inalira.

Amuna anga anaiyang'ana n'kufunsa kuti, "Asewere, munthu wamkulu ngati inu mukuyendabe ndi Bekiso?"

A Agostino anamwetulira. "Sikuti ndimangoyenda nayo, asewere. Ndine mmodzi wa eni ake."

Aphungu, kunapezeka kuti nawonso anagula masheya, koma a Bekiso. M'Chadiza monse muno mwina anthu ochita zimenezi ndi awiri okha, ndipo Mulungu anawakumanitsa pakhonde panga.

Amuna anga anati Olinta ndiye ili ndi tsogolo, chifukwa ndi yolimba, batire lake silifa msanga, ndipo anthu akumudzi amene sanagulebe foni ndi ochuluka kuposa a m'tauni. A Agostino anati, "Achinyamata sagula batire, amagula kamera. Olinta ndi foni ya ife opuma ntchito, ndipo opuma ntchito amagula kamodzi basi." Anawonjezera kuti Olinta imagulitsa zambiri koma phindu pa foni iliyonse ndi lochepa, ndiponso kwabwera timakampani tatsopano topanga zotchipa kuposa apo. Amuna anga anati Bekiso ndi yodula mwachabe, tsiku limene anthu adzatope ndi kudzijambula idzagwa chagada.

Aliyense anatulutsa vidiyo ya katswiri wake. Wina wa tayi yofiira ankati gulani Olinta, wina wa tayi yabuluu ankati gulitsani msanga. Anaziyatsa nthawi imodzi, aliyense akukweza mawu, Chingerezi chili pokopoko pakhonde. Kenaka amuna anga anaitanitsa ndowa ya madzi kuti mafoni onse awiri aponyedwemo, tione imene itulukemo yamoyo. Mayi a Timoti ndi amene analanda foni ya amuna awo n'kuibisa m'chitenje.

Pamenepo mawu anayamba kuwawa. A Agostino anati, "Mwataya penshoni, asewere." Amuna anga anayankha kuti, "Mwana wanga sangakwatiwe kubanja losaona patsogolo." A Agostino anangoimirira n'kuliza njinga yawo. Akazi awo anandiyang'ana ndi maso opepesa, n'kukwera. Tambala uja tinadya tokha.

Mwezi wathawu Bekiso inatulutsa foni yatsopano yotchipa, ndipo masheya a Olinta anatsika. A Agostino sanalembe mawu alionse, anangotumiza kankhope koseka pafoni ya amuna anga. Amuna anga anatseka nambala ya a Agostino, n'kulengeza kuti za chinkhoswe tiyambe taiwala.

Tsopano pabuka china. Amuna anga akuti katswiri wawo uja wanena kuti mtengo ukatsika ndiye nthawi yogula zambiri. Akufuna kugulitsa ng'ombe zathu mvula isanagwe. Nditakana anati, "Ng'ombe zimadwala, mayi. Munamvapo kuti kampani yagwidwa ndi nkhupakupa?" Wogula wabwera kale kudzaziona mano.

Selina akungolira. Dzana anandiuza kuti, "Amayi, ngati atate sasintha, ine ndingopita kwa Timoti popanda mwambo." Mchimwene wanga Yosefe, amene ndi nkhoswe ya mwanayu, ndikamuuza amangogwira nthiti, akuti akuluakuluwo adzatopa okha.

Ndikuuzeninso ichi koma chisawafike amuna anga. Selina anandijambula ndi Bekiso yakeyo nditavala yunifolomu ya Chigwirizano cha amayi, ndipo sindinaonekepo bwino chotero chibadwire.

Ndiye ndithandizeni, Aphungu. Pakati pa madoda awiriwa akunena zoona ndani? Ng'ombezi ndilole zipite? Nanga chinkhoswe ndichipulumutse bwanji osanyoza amuna anga?

Ndine wanu wothedwa nzeru,
Mayi E.B., Mlolo, Chadiza

Mayi E.B.,

Ndaseka, pepani. Koma nditafika pa ng'ombe ndasiya.

Tiyambe ndi funso lanu loyamba. Amene akunena zoona palibe akumudziwa, ngakhale ine, ngakhale a matayi awiri aja. Anthu amene amathera tsiku lonse akuwerenga za makampani a mafoni amatsutsana chimodzimodzi ngati pakhonde panu, kungoti iwo amalipidwa akamatsutsana. Ena mwa iwo ali ndi masheya omwewo, ndiye akamati gulani amakhala akuitanira malonda awo. Amuna anu ali ndi mfundo, msika wa kumidzi ndi waukuludi. A Agostino nawonso ali ndi mfundo, kugulitsa zambiri si kupindula zambiri. Inu alimi mukudziwa chimene chimachitika tomato akachuluka pamsika wa pa boma: angakhale okongola bwanji, mtengo umagwa, chifukwa aliyense wabwera ndi dengu lake. Malonda a mafoni ali choncho. Wina akatulutsa chatsopano, mnzake amatsitsa mtengo, wachitatu n'kutulukira kumene sankamuyembekezera. Foni ikhoza kukhala yabwino sheya yake n'kukhala yowawa.

Ng'ombe zisapite. Apa ndiye musamwetulire n'komwe. N'zoona kuti nthawi zina mtengo ukatsika umadzakweranso, koma nthawi zina kutsikako kumakhala kuyamba kwa ulendo wa pansi, ndipo sipakhala belu lokuuzani kuti ndi ziti. Ndalama yoika m'masheya ndi imene ikatayika banja limadyabe, limalimabe. Ng'ombe zolimira sizili m'gulu limenelo. Zinagulidwa m'banja, ndi zanu nonse, ndipo muli ndi mawu. Wogula uja mukamuuze nokha, mwaulemu, kuti pakhomo pano simunagwirizane.

Polankhula ndi amuna anu musayambe ndi mawu akuti "mwalakwa", chifukwa mkulu wa mpingo wopuma ntchito amamva zimenezo ngati mwamuvula jekete pagulu. Sankhani tsiku limene kamzere kabiriwira. Muwafunse ngati mwana wasukulu kuti, "Kodi muja munali mlangizi, mlimi wodzala thonje lokhalokha munda wonse munkamuuza chiyani?" Akayankha okha, inu khalani chete. Akangotchula za kudzala mbewu zosiyanasiyana, afunseni kuti nanga penshoni yawo aidzala mbewu zingati.

Pali chinanso chimene simunafunse koma chandidetsa nkhawa. Kodi masheyawo alipodi? Njira zina za pafoni ndi zoona, zina ndi kamzere kongojambula ndi akuba. Apempheni amuna anu atapeko ndalama pang'ono, muone ngati ndalama ifike m'manja. Ndiponso mupite limodzi kubanki ku Chipata mukafunse ngati amene amawagulitsa masheyawo ali m'kaundula wa boma. Mukawauze kuti eni makampani enieni amatero. Adzavala tayi tsiku limenelo.

Tsopano chinkhoswe. Achimwene anu a Yosefe aseka mokwanira, ayambe ntchito. Kwathu kuno ukwati umamangidwa ndi ankhoswe, ndipo zimene anagwirizana sizinafafanizidwe ndi kankhope koseka. Akumane ndi nkhoswe ya Timoti, akhazikitse tsiku, kenaka akawadziwitse madoda awiriwo mwaulemu wonse, aliyense payekha. Inunso kwerani njinga mupite ku Zemba mukaone mayi a Timoti. Mayi amene anabisa foni m'chitenje uja ndi mnzanu pankhondoyi, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso ali ndi chulu chawo kuseri kwa nyumba.

Madodawo apatseni njira yobwererana popanda wina kugwada. Auzeni kuti ana akakwatirana, banja lidzakhala ndi mwendo uku ndi uku: ikapambana Olinta adzukulu adya, ikapambana Bekiso adzukulu omwewo adya. Aliyense adzanena kuti nzeru imeneyo anali nayo kale. Musatsutse. A Agostino apepese pa mawu a penshoni aja, amuna anu abweze mawu onyoza banja la eni ake, chifukwa amenewo ndi amene analasa, osati za mabatire. Pa tsiku la chinkhoswe mafoni onse alowe m'lichero, lichero likakhale kuchipinda.

Selina mumuuze adekhe pang'ono, mayi ake akuyendetsa nkhani. Asataye mwambo wake chifukwa cha makampani amene sadziwa n'komwe kuti kuli Mlolo. Ndipo foni yake itchajidwe pakhomo, dzuwa si la Olinta. Za chithunzi chanu chija sindiuza munthu, koma mukachitsukitse.

Chenjezo langa ndi ili. Masheyawo akadzagwa musadzaseke, musadzanene kuti "ndinanena". Mwamuna wochititsidwa manyazi amayamba kubisa, ndipo zobisa ndi zimene zimagwetsa nyumba. Koma tsiku loopsa kwenikweni ndi limene adzakwere, chifukwa wopambana kamodzi amadziona ngati mneneri, ndipo mneneri wa masheya sachedwa kuganiza zobwereka. Mukadzangomva amuna anu akufunsa kuti ngongole ya kubanki imatengedwa bwanji, musadzandilembere kalata, makalata amachedwa. Mudzakwere minibasi yoyamba, akakupezeni mutakhala kale pakhomo la banki.

Aphungu