Tsamba la Aphunzitsi

9 Malichi, 2025

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Mashini anu akale aja akusokabe, lamba yekha ndiye ndinasintha. Mwina mukudabwa kuti ndalemberanji kalata pamene foni ndili nayo. Pa foni mumandidula mawu ndi kuseka kwanu kuja, ndipo nkhani iyi mukangondidula kamodzi sinditsiriza.

Chichokereni inu, mauthenga a makasitomala anandichulukira. Uku ndikudula nsalu, mapini ali kukamwa, uku foni ikungolira: diresi langa latha? Mumatseka nthawi yanji? Ena amangolemba "moni" basi n'kumadikira, ngati ine ndilibe chochita. Ndiye bambo okonza mafoni a khomo loyandikana ndi shopu yathu aja anandiuza za chatiboti, pulogalamu imene imayankha yokha mauthenga ngati munthu. Anati zaulere zilipo zingapo. Ndinatseka shopu masana ena, tinakhala pa benchi lawo n'kuyamba kusankha.

Pulogalamu yoyamba inali yaulere milungu iwiri yokha, kenako uzilipira. Ndinati ayi, ulere wanji umenewo. Yachiwiri inali yaulere ndithu koma youma pakamwa: "Dinani 1 ngati mukufuna mitengo, dinani 2 ngati mukufuna kudzayezedwa." Ndinati makasitomala athu si anthu odina manambala, amafuna moni kaye. Yachitatu, eee, imeneyo inkacheza! Umangoipatsa zolemba za bizinesi yako, iyo n'kuwerenga, n'kumayankha anthu mwaulemu kuposa ine ndemwe.

A mafoni anapukusa mutu. "Mayi, tengani yachiwiriyo. Yachitatuyi siisunga pakamwa. Chilichonse mungaipatse, wina akafunsa idzanena."

Ine ndi phuma langa lija ndinawaseka. Ndinati ku shopu ya telala kungakhale chinsinsi chanji kupatula kukula kwa ziuno za anthu? Ndinatenga buku lanu la miyeso, lachikuto chobiriwira lija, n'kujambula masamba onse ndi foni, phaa, phaa, phaa, osawerenga ngakhale limodzi, n'kuipatsa.

Pali china chimene dzanja likukana kulemba. Pulogalamuyo inafunsa dzina loti izilemba pansi pa mauthenga. Achemwali, ndinaika lanu. Mukudziwa kuti anthu kusoka kwanga amakulandira, koma amene amawakhulupirira ndi inu. Aliyense akalowa amayamba wayang'ana pa mpando wanu kenako n'kundipatsa moni. Ndinafuna aziganiza kuti ngakhale muli kutali, mukuyang'anirabe shopu. Sindinakupempheni chifukwa ndinkadziwa kuti mukana.

Kwa milungu itatu zinayenda bwino zedi. Ndinkasoka mwamtendere, n'kumadzitama kwa aliyense kuti ndalemba wantchito wosadya, wosatopa.

Ndiyeno mwana woyamba wa Aphunzitsi, wamkazi uja amakhala kutali, analemba. Inde, Aphunzitsi athu omwe aja anatiphunzitsa tonse kuwerenga, amene anabweretsa nsalu tsiku limene munatsegula shopu. Mwanayo ankafuna kuwasoketsera mayi ake diresi la mphatso, logwira thupi bwino, iwo osadziwa. Anati miyeso tili nayo kale. Yankho limene analandira ndikukopererani monga liliri:

"Zikomo kwambiri. Koma diresi la mayi lisathine pachifuwa. Chiwachitireni opaleshoni ya bere lakumanzere timawasokera lomasuka, lokhala ndi kathumba mkati koikamo siponji. Chiuno chatsikanso ndi mainchesi anayi chifukwa cha mankhwala. Anapempha kuti ana awo asadziwe."

Pansi pake panali dzina lanu.

Ndinaliona m'mawa mwake. Ine zimenezi sindinkazidziwa n'komwe! Madiresi a Aphunzitsi munkasoka nokha, ndipo powayeza munkatseka chitseko cha kachipinda koyezera n'kundituma kukagula ulusi, ulusi uli mbwee m'dirowa. Ndinathamangira buku lija. Zonse zinalipo m'munsi mwa tsamba lawo, timalemba tating'ono ta cholembera chofiira. Ndikanangowerenga, Achemwali. Ndikanangowerenga basi.

Lachinayi Aphunzitsi anabwera. Ndinawakokera mpando, sanakhale. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati ana onse anafika tsiku lomwelo akulira, ndipo wamng'ono uja wasiya sukulu pakati pa mayeso ake omaliza, akuti sangalembe mayi ake akudwala. Chaka chatha atagonekedwa m'chipatala anauza ana kuti apita kukacheza kwa mng'ono wawo, kuti mwanayu aphunzire ndi mtima umodzi. Anangotsala ndi milungu iwiri kuti awauze okha, ndi pakamwa pawo.

Kenako anati, "Achemwali ako ndinawavulira bulauzi m'kachipinda umu. Anaona zimene ana anga sanaone. Anandigwira dzanja n'kulonjeza. Ndiye poti apita kutali, aona ngati ndafa kale?"

Ndinali nditagwira sizasi. Mawu anali pamlomo penipeni, oti si iwo, ndi ine, ndi pulogalamu imene ndinasankha ndekha ndikuchenjezedwa. Koma anandiyang'ana ndi maso awo a m'kalasi aja, ine n'kusanduka kamwana ka sitandade wani. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati, "Pepani Aphunzitsi, ndiwauza."

Ndiwauza! Ngati wolakwa ndi inu. Manyazi amene ndili nawo sindingathe kuwalemba onse. Kusankha molakwa n'kumodzi, aliyense amalakwa, koma apa ndinakugulitsani ndili maso, mutandisiyira shopu, mashini ndi dzina.

Anapempha tsamba lawo. Ndinalidula bwinobwino ndi sizasi yomweyo, analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama.

Pulogalamuyo tinaichotsa tsiku lomwelo pamodzi ndi zithunzi zonse. A mafoni ndiwo anandithandiza. Panopa mauthenga ndikuyankha ndekha, mochedwa, koma ndi dzina langa.

Kunyumba kwa Aphunzitsi ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinabwerera pa geti. Wachiwiri ndinamva mwana wamng'ono uja akutsuka mbale kuseri, nthawi imene anzake ali m'chipinda cha mayeso, ndipo ndinadutsa ngati ndikupita kwina. Kalatayi ndikuiponya lero dala, kuti ndisapezenso pothawira. Loweruka ndipita ndikanene zonse, ana awo akumva. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musawaimbire kuti mundiikire kumbuyo monga mumachitira kuyambira tili ana. Ndikukudziwani, mukhoza kuvomera mlandu umene si wanu. Uwu ndisiyireni. Ine ndiye mundiimbire, mundikalipire mpaka mutope, ndikhala ndikumva.

Mupereke moni kwa alamu. Ana muwauze kuti mayi awo aang'ono sanaiwale, malaya awo ndadula kale. Amayi ali bwino, bondo lokha ndi limene likuwavuta, ndipo nkhaniyi sindinawauze. A mafoni akupereka moni, mayi ogulitsa mabatani nawonso, ndi azimayi a kwaya aja akuti mubwere msanga chifukwa makolala anga sakuima ngati anu. Aphunzitsi tsiku lija ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndikudikira kuti atembenuke n'kunena kuti ndikupatseni moni. Anakwera basi osacheuka.

Ndine mng'ono wanu,
amene sakudziwa kuti adzakuyang'anani bwanji.