Sileti ya alamu ako yadzitseka

Mng'ono wanga,

Moni kaye. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, iwe ndi bambo a kwanuko ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, kungokhalapo basi. Foni yako ndayesa kangapo, imangoti sakupezeka, ndiye ndati ndilembe. Zolemba zanga ukuzidziwa, sukulu ndinasiyira panjira. Pomwe sipakuwerengeka ufunse mwana wako wotsiriza uja, Aphunzitsi athu. Ndipotu awerenge nawo mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ikumukhudza.

Kalatayi ikubwera ndi kaphukusi. Wakupatsayo ndi dalaivala wa lole ya matabwa, tinayandikana naye nyumba. Akangomaliza kupakira abwerera kuno, ndiye usamusunge ndi tiyi ndi nkhani.

Alamu ako sali bwino. Unamva kuti chaka chatha anagwa ndi sitiroko ali pa makina awo osokera, mkono wamanja ndi mwendo nkufa, pakamwa nkupotoka. Chimene sindinakuuze bwino ndi chakuti kuyankhula kunatheratu. Mutu uli bwinobwino, amamva zonse, ngakhale miseche ya kuseri kwa khoma amaimva, koma mawu satuluka. Munthu uja ankalongolola mpaka kasitomala kuiwala kuti wabwerera buluku, lero amangoti aa, aa.

Ukukumbukira tinthu tiwiri towerengera mabuku tija, anandisiyira abwana anga akale posamuka? Tooneka ngati sileti ya kusukulu, tagalasi lotuwa. Ife timangoti sileti. Imodzi ndinatumiza kumeneko kwa mwana wako, ina inangokhala m'sutikesi pansi pa bedi.

Zinthu zitathina ndinaitulutsa kuti ndikagulitse. Ndinapita nayo kumsika kwa mayi wina wokonza mafoni, aliyense amangowatchula a Mawaya. Kabenchi kawo kali pansi pa masitepe, pakati pa wogulitsa maloko ndi wometa. Ndili mkati mofotokoza chifukwa chogulitsira, iwo anaika pansi foni imene amakonza nkundifunsa ngati bambowo amatha kuwerenga. Ndinawafunsa kuti telala wosawerenga anamuona kuti. Anaseka, nkundiuza kuti ndiisiye, ndibwere mawa lake, za kugulitsa ndiiwale.

Akuti masileti amenewa opanga ake anawaika loko mkati, kuti azingochita zofuna iwowo basi. A Mawaya anaithyola lokoyo nkulowetsamo pulogalamu ina. Nditakaitenga ndinapeza galasi lonse lili zilembo zikuluzikulu, mmunsi mwake muli mabokosi a mawu: madzi, chimbudzi, kuwawa, nditembenuze, inde, ayi. Munthu akakhudza chilembo chimakwera pamwamba nkukhala pomwepo kudikira chinzake, mpaka mawu kukwana. Batire yake imakhala masabata, magetsi azime kaya asazime.

Ndinawaikira pamiyendo alamu ako. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako nkuyamba ndi chala cha kumanzere. Ine ndinakhala m'mphepete mwa bedi kudikira mawu oyamba a mwamuna wanga patapita miyezi yonseyo. Ndinkati mwina alemba kuti zikomo mkazi wanga. Analemba kuti phala mchere wachuluka. Iwe, ndinawatukwana uku ndikulira, iwo nkumagwedezeka ndi kuseka mpaka malovu pamalaya.

Kuyambira pamenepo munthu anabwerera m'nyumba. Chilonda china chimene chinayamba kumsana ndinachipeza chisanakule chifukwa analemba okha. Ankandiuza poika mafuta pa makina kuti asachite dzimbiri. Kukabwera odzazonda ankadikira atuluke, nkulemba kuti kolala ya malaya a uja inasokedwa ndi munthu woledzera. Ine ndinatha kubwerera kuntchito yanga yochapa, chifukwa mayi wa khomo loyandikana analola kumawayang'anira masana. Mayiwo ankati si ntchito, bambowo amanena okha chimene akufuna.

Tsiku lokatenga lija a Mawaya anandigwira mkono nkundichenjeza. Pakona ya pamwamba pali kachithunzi ka ndege. Anati kandege kameneko kasazime, zivute zitani, chifukwa kakakhala koyaka sileti sigwira intaneti. Ikangonunkhiza intaneti imaimbira kwawo, kwawoko nkuitumizira zatsopano zimene amati apudeti, ndipo sifunsa munthu, imangomeza. Ikameza loko imabwerera, zonse zimene anaikamo nkuchoka. Poopa kuti wina adzazimitsa kandegeko mwangozi, siletiyo anaidzaza mimba ndi zithunzi zopanda ntchito, khoma la pamsika lomwelo mobwerezabwereza, kuti apudetiyo ikafika isowe pokhala. Anati ndi mmene amachitira apongozi awo akamabwera, amaunjika matumba pabedi la alendo.

Za kandege ndinauza aliyense wolowa m'nyumba muno. Za zithunzi za khoma, ndani akanaganiza zouza munthu?

Mwezi watha linali tsiku lawo lokaonedwa kuchipatala. Ine kuntchito anandikaniza, ndiye anawatenga mwana wanga wamkulu, wa minibasi uja. Pamzere panali anthu ambiri. Ali chikhalire pabenchi, bambo ake analemba kuti akusowa adzukulu. Mwanayo nkuganiza zowaikira zithunzi za ana m'siletimo kuti aziwaona. Sileti inakana, inati yadzaza. Atayang'ana anangopeza khoma, khoma, khoma. Akuti anaganiza kuti ndi zinyalala za eni ake akale, ndiye anafufuta zonse. Kuti zithunzi za ana zilowe pankafunika intaneti, wayifayi ya pachipatala ili pomwepo yaulere, iye nkuti kamphindi kamodzi sikangaphe munthu. Anazimitsa kandege.

Galasi linada, nkutuluka kamzere koyenda pang'onopang'ono. Alamu ako anaona ndipo anadziwa. Anayamba kukuwa aa, aa, uku akumumenya mwanayo pamkono. Iye anayesa kuti akufuna kuchimbudzi, ndiye anaika sileti m'thumba nkuwakankha pa njinga yawo ya odwala kupita nawo kuchimbudzi. Pobwerako zilembo kunalibe. Inangokhala sileti ya mabuku ngati tsiku limene inachoka kusitolo.

Mwanayo ndinamunenera mawu amene sindingalembe pano. Panopa salowa m'nyumba. Amabwera m'mawa, kusiya buledi pakhomo, kufunsa pawindo kuti adadi agona bwanji, nkumapita. Waonda. Ndimukwiyire bwanji munthu woti amafuna kuonetsa bambo ake adzukulu? Komanso ndimuyang'ane bwanji?

Ndinathamangira kwa a Mawaya. Anaitembenuza, kuilumikiza ku kompyuta yawo, kuyesa uku ndi uku, kenako nkuvula magalasi. Anati mayi, sindikunamizeni, apa bowo limene ndinalowera alimata. Kubwerera ku zakale sizitheka. Akuti kuli anthu kunja uko amene ntchito yawo ndi kufunafuna mabowo atsopano, mwina adzalipeza chaka chino, mwina sadzalipeza. Tinazungulira msika wonse kufuna ina yakale. Tinapeza zingapo pa mabenchi a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, koma zonse zinamezeratu apudeti, chifukwa kuno intaneti ili paliponse ngati fumbi.

Usaganize kuti sindinayese zina. Ndinadula katoni nkulembapo zilembo zonse ndi makala. Iwo amaloza, ine nkumasunga m'mutu. Akafika pa chilembo chachinayi ine choyamba ndaiwala kale, chala chawo chikutsetserekanso pakati pa zilembo ziwiri, ine nkumangotchula mawu olakwika. Tsiku lachitatu anaiponya pansi katoniyo, ndipo akaiona amatseka maso. Foni tinayesa, zilembo nzazing'ono, chala chimagwira zitatu nthawi imodzi, kuwala kwake kumawatulutsa misozi. Tabuleti ndinakafunsa m'sitolo. Mnyamata wogulitsa asanamalize kutchula mtengo ine ndinali nditafika kale pakhomo.

Tsopano chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Kuyambira sabata yatha akubuula. Penapake pakuwawa kwambiri, thukuta limachita kutsika, koma sindikudziwa pati. Ndikagwira pamimba amabuula, ndikagwira m'chiuno amabuula, ndikafunsa kuti apa kapena apa amangondiyang'ana ngati ndine chitsiru. Adokotala anafunsa kuti ululu unayamba bwanji, ukubaya kapena ukuotcha, umabwera akadya kapena asanadye. Ife tikanadziwa bwanji? Anatipatsa mapiritsi opha ululu nkuti tibwerenso zikapitirira. Zikupitirira. Chakudya akukana. Mayi woyandikana uja wati iye sangathenso, akuopa kuti munthu adzamufera m'manja asakudziwa chimene amapempha, ndipo sindikumuda. Kuntchito ndajomba mpaka abwana anena kuti zovala sizidikira odwala.

Dzulo a Mawaya anandifunsa kuti kodi sindinanene kuti masiletiwo anali awiri, nanga inzake ili kuti. Ndinati ili kumudzi, komwe foni imagwira munthu ukakwera pachulu. Anawomba m'manja mpaka wometa uja kusuzumira. Akuti ngati sinagwirepo intaneti chichokereni kuno, ndiye kuti ikadali ndi zakale, loko yake athyola tsiku limodzi.

Pempho langa ndi limenelo, mng'ono wanga. Ndikufuna sileti ya mwana wako.

Ndikudziwa kuti kulanda mwana chinthu chimene unamupatsa wekha ndi zamanyazi. Manyazi ine anandithera. Ndikudziwanso kuti ine ndi iwe sitinasiyane bwino pa maliro a mayi, ndi nkhani ya munda ija. Za mundazo tidzatukwanana bwinobwino ndikadzabwera, mphamvu zake ndikusunga. Izi ndi za alamu ako, amene anakusokera diresi ya ukwati wako usiku ndi usana osakulipiritsa.

Sindikumusiya mwanayo chimanjamanja. M'kaphukusimo muli sileti yathu yotsekekayo. Mabuku imawerengetsa bwinobwino, kwa iye palibe chosiyana. Yangothetheka pang'ono pakona pomwe inagwa, ndipo kumbuyo kuli banga la tiyi losachoka. Mabuku ake a sukulu amene ali mu inayo a Mawaya ati awakopera onse pa kakhadi, ndidzatumiza ndi dalaivala yemweyu ulendo wotsatira. Palibe limene litayike.

Ndamva kuti akupita ku koleji ya uphunzitsi kumapeto kwa mwezi. Ndi chifukwa chake ndikuthamanga chonchi. Kumeneko kuli wayifayi, ndipo ikangofika kumeneko anzake adzamuuza kuti bwera tikulumikizire. Tsiku lomwelo yatha.

Tsopano iwe Aphunzitsi, mwana wanga, mvetsera, apa ndikuyankhula ndi iwe. Yatsa siletiyo uli m'nyumba momwemo. Yang'ana pakona ya pamwamba ngati pali kandege. Ngati palibe, lowa pomwe pali zosinthira ukayatse, a Mawaya akuti ukudziwa iwe kuposa ine. Kakayaka uizimitse sileti yonse, osati kungoigoneka. Usafufute kanthu, ngakhale chooneka ngati chinyalala. Usapite nayo kokatchajitsa mafoni kuja, anyamata a pamenepo manja awo sakhala pansi, adzati tikukonzereni. Ngati batire yatha, ibwere yakufa choncho, kuno tidzatchaja. Ndipo undiuze zoona: ngati unapitapo nayo kutauni kapena wina anailumikizapo, ulembe pa kapepala uike momwemo. Sindikukalipira, ndikungofuna ndidziwiretu ndisanakwere masitepe a kumsika ndi chiyembekezo.

Muikulunge m'nsalu, muike pakati pa makatoni awiri, mumange ndi chingwe. Dalaivalayo ndamuuza kale kuti akaitsegula panjira ndidzamuthyola zala, ndipo amandidziwa.

Zina za kuno palibe zoti ndinene. Madzi akuvuta, eni nyumba akufuna kukonza denga ife tili momwemo, mdzukulu wamng'ono wamera mano. Mwana wanga wamkazi anayamba ntchito kumalo ophikira buledi, amabwera Lamlungu kudzandithandiza kuwasambitsa bambo ake.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti asiye kunyamula matumba ngati mnyamata, aone zimene zachitika kuno. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali ngati akumvabe, kwa ana onse ndi adzukulu. Aphunzitsi, ukaphunzire bwino, ndipo undikhululukire mayi ako aakulu.

Ngati mwanayo wakana, kapena siletiyo inatayika, kapena munagulitsa, undiuze mosabisa kudzera kwa dalaivala yemweyu. Usangokhala chete. Chifukwa m'mawa uno, kuti ndiimange m'kaphukusi, ndachita kuwalanda alamu ako pamiyendo. Chitsekekereni sanaisiye, amagona nayo. Anaigwira ndi dzanja lamoyo lija mwamphamvu moti ndinachita kutsegula chala chimodzichimodzi. Ndawauza kuti ya kwa mng'ono wanga ikubwera ndi lole, ndiye anaisiya. Panopa akhala moyang'ana kukhomo.

Ndine mkulu wako,
wa kutauni kuno.