Magazi Athu Atakanidwa

9 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutsidyako pamodzi ndi alamu. Amayi andituma ndikuuzeni kuti kuno tonse tili bwino ndipo denga la kukhitchini lakonzedwa. Za dengazo n'zoona.

Wayilesi akudwala, achimwene. Mlongo wathu amene munamupatsa dzinali chifukwa chosatseka pakamwa, masiku ano amayankha ndi mutu. Zinayamba ndi kamfuno wosaleka ndi mawanga akuda m'miyendo, amayi n'kumamukalipira kuti wayambanso kukwera mitengo. Magazi ake atawatumiza pa boti kukayezedwa, yankho linabwera loti ndi khansa ya m'magazi. Mankhwala amuthothola tsitsi lonse koma matenda sakugonja. Adokotala akuti chatsala n'kumuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale wake wa bere limodzi, ngati angafanane naye.

Bambo atangomva mawu oti m'bale sanadikire kumva zonse. M'mawa mwake anasonkhanitsa amalume, azakhali ndi asuweni, onse atapinda malaya m'mikono, kukafola pakhonde la chipatala kuti apereke magazi. Amalume ankachita kuseka, amvekere, "Tapani ambiri, angawa amudzutsa lero lomwe, muli kamowa pang'ono." Anamwino anatuluka n'kunena kuti mwana amene akudikira mafuta a m'mafupa sapatsidwa magazi a abale, chifukwa thupi lake lingadzakane mafutawo. Anafotokoza bwinobwino, ine ndinamva. Koma abale anangomva kuti magazi athu akanidwa, ndipo anabwerera kudzera msewu wa kumsika, aliyense akuwaona.

Chilumba chathu mukuchidziwa. Pofika madzulo nkhani inali yoti mtundu wathu uli ndi magazi oipa. Kusukulu, amene ndimakhala naye desiki anasuntha chikwama chake. Bambo anati, "Atichititsa manyazi kamodzi, basi. Palibenso mwana wanga akabayidwe kumeneko. Ndipo wa kutsidya asamve, mkazi angamuthawe."

Mwezi watha kunabwera dokotala wofufuza za matendawa, ndipo anayankhula m'holo ya sukulu. Anati kuno sanachuluke kuposa kwina, kungoti masiku ano akumadziwika msanga, komanso ochira ndi ambiri kusiyana ndi kale. Anajambula mzere wokwera pabolodi. Iye ankangoti odwala, koma ife m'holomo tinkawadziwa mmodzimmodzi: mwana wa osoka maukonde, akazi a ahedi, mnyamata uja ankamanga zingwe padoko. Nditamutsatira panja ndinamufunsa kuti ochirawo anachira bwanji. Anati ambiri ndi mankhwala okha, ena abale awo anafika nthawi isanathe.

Choncho tsiku lina bambo ali kunyanja, amayi anandiperekeza kukayezetsa. Zotsatira zabwera: sindinafanane naye. Anamwino anandiuza atandigwira paphewa, ine ndikuyang'ana nsapato zawo.

Mwatsala inu nokha. Sindikunamizeni, mwina inunso simufanana naye. Koma kuyezako ndi kabotolo kamodzi basi. Alamu muwauze zonse, matendawa si opatsirana ndiponso si amtundu. Bambo akalipa, ine andimenya mwina, koma inu mutaima pakhomo sangakubwezeni.

Amayi akupereka moni. Kalatayi andiona ndikulemba nthawi yaitali kuposa mawu amene anandipatsa, ndipo sanandifunse kanthu, angondipatsa envelopu. Bambo akanapereka moni akanadziwa. Mlongo wathu akuti mukadzamuona musadzaseke mutu wake, chifukwa wanunso wayamba dazi.

Dzulo anandifunsa ngati mukubwera. Ndinamuuza kuti inde, pa boti la Loweruka, ndipo wapempha anamwino amusunthire bedi la pawindo loyang'ana kudoko. Chonde achimwene, musandisandutse wabodza.

Ndine mng'ono wanu.