Akuti Chichewa Chanu Chamusokoneza Tadala

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Rugare tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene, wachira mwezi wathawu, mwana wamwamuna, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija. Chimanga cha m'kamunda kanu ka m'mbali mwa njanji chinacha bwino, kungoti akuba anatithandiza kukolola. Madzi ndi omwe aja, amabwera akafuna.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi mkwiyo, Amayi. Mdzukulu wanu Tadala ali giredi wani tsopano. Aphunzitsi ake anandiitanitsa, akuti mwana sakugwira maliwu a zilembo, akamuonetsa chilembo amangoti kukamwa yasa, ndipo zikapitirira abwereza kalasi. Kenaka anandifunsa chimene timalankhula kunyumba. Nditati Chichewa, mayi uja anagwedeza mutu ngati dokotala amene waipeza nthenda. Akuti ndicho chikumusokoneza mwana, tichisiye, tizimulankhula Chishona ndi Chingerezi basi.

Bambo a Tadala mukuwadziwa, chonenedwa ndi munthu wogwira choko kwa iwo ndi malemba oyera. Anakhazikitsa lamulo tsiku lomwelo. Ndipo ine mwana wanu ndinamvera, ndikuchita manyazi kulemba zimenezi. Masabata atatu ndinkamukalipira mwana akangoti ndamva njala m'chilankhulo chathu. Wolongolola uja, amene munkati anameza wailesi, anangoti zii.

Tsiku lina ndinalawirira kukamutenga, ndiye ndinaima pawindo la kalasi. Ana apanikizana ngati mu kombi, minibasi ija, m'mawa. Aphunzitsi ali kutsogolo uko, kuloza pabolodi ndi kamtengo, kalasi yonse n'kumakuwira pamodzi. Tadala anamuika kumbuyo kwenikweni, pabenchi ya amene akuti ndi ochedwa kumva, mbali ya kumsewu kumene oitanira makombi amasokosa tsiku lonse. Mwana ankangotsegula pakamwa kutsanzira anzake. Ndani anamuyandikirapo n'kumuonetsa mmene milomo imachitira? Palibe. Koma wolakwa akuti ndi Chichewa chanu. Zoona zimenezo?

Inu sukulu munalekeza panjira, komatu tonse asanu tinayamba giredi wani tikudziwa kale kuphatikiza zilembo. Munkathira ufa pang'ono m'lichero, kugwira chala changa n'kulemba nacho, kenaka kundigwiritsa pakhosi panu kuti ndimve liwu likunjenjemera. Munkati mwana samva ndi makutu okha. Ndiye ndinatenga lichero lomwelo, masana, bambo a Tadala asanaweruke kuntchito ku Lochinvar. Tinayamba ndi m, milomo yotseka ngati ukulawa ndiwo, kenaka a, kenaka u, kenaka f, kuuzira ngati phala lotentha. Ndinkamufotokozera m'Chichewa, mawu otsitsa ngati tikuba. Lachinayi lathali analemba yekha u, nawonjezera fa, n'kuwerenga ufa popanda womuuza.

Ine ndinkati adumpha ndi chimwemwe. Iye anafufuta msangamsanga ndi chikhatho, maso ali kuchitseko. Kenaka anandifunsa monong'ona, m'Chishona:

"Amayi, kodi agogo ndi amene anandiwononga mutu?"

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, Amayi. Mwana amene munamubereka kumsana mpaka mwezi umene tinakugonekani m'chipatala, n'kutisiya. Mawu amenewo sindinamuphunzitse ine, koma ndinawathirira ndi kumvera kwanga kopusa. Ndinalira pamaso pake. Ndinamuyankha kuti ayi, m'Chichewa, mokweza, mpaka maloja amene akuchita lendi kuseri anasuzumira kuti kwagwanji.

Bambo ake ndawauza kale kuti lamulo lawo latha, akafuna kukwiya akwiye, chakudya adya chomwecho. Lolemba ndikupita kusukulu ndi mwana kumanja. Asunthidwe akhale kutsogolo kumene angaone pakamwa pa aphunzitsi, ndipo za kubwereza kalasi andiuze atamumva akuwerenga. Sindichoka pakhomo la ofesi mpaka atatero, ngakhale anditche wamisala. Akanakhala inu simukanadikira masabata atatu, ndikudziwa.

Ndikukulonjezani, Amayi, m'nyumba muno simudzakhalanso mwana woopa kulankhula ngati agogo ake. Koma mundikhululukire, poti amene anamutseka pakamwa tsiku ndi tsiku sanali aphunzitsi aja. Ndinali ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati