Tadala, Boti ndi Mafomu a Boma

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ndine Esnati wanu. Ndikulemba ndili kuno ku Ongar, ku Dublin, ndangoweruka kumene kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Miyendo yatupa, ndipo ndikapanda kukuuzani inu nkhani imeneyi ndikalipira munthu wosalakwa.

Ndiyambe ndi zakumudzi, mwina sizinakupezeni. Alamu anga, akazi a achimwene a Fulanki, anabereka mapasa, onse aakazi, ndipo wina amupatsa dzina lanu. Mapira chaka chino mbalame zinatha. Mbuzi zanu zija zatsala zitatu. Achimwene akuti zinazo zinafa ndi matenda, koma matenda ake ine ndikuwadziwa, amagwira mbuzi tsiku la msika lokha.

Tsopano za mdzukulu wanu Tadala. Munamusiya ali ndi zaka thwelofu, pano ali ndi fifitini, ndi namwali ndithu. Miyendo ikadali momwe munaidziwira, akuyendabe pa wilitcheya, koma pakamwa anatengera inu. Chaka chimene munatisiya, aphunzitsi ake anamutengera ku kakalabu kena ka maboti a matanga, kupitirira pang'ono tauni ya Dún Laoghaire. Amayi, kuno anthu amakwera boti opanda kumene akupita. Sawedza, sawolotsa munthu, sanyamula chimanga. Amangozungulira panyanja n'kubwerera pomwe anachokera, atanyowa, akusangalala. Ine ndinakana. Ndinatchula mawu anu aja, akuti madzi alibe nthambi yogwira. Akamwini anu, bambo a Tadala, anangoti, "Musiyeni mwana. Pamtunda pano amakankhidwa tsiku lililonse, m'botimo akuwongolera yekha." Ndinagonja.

Vuto linali polowa m'botimo. Kadoko kameneka kali ndi khoma lalitali ndi masitepe oterera ndi ndere, ndiye amuna awiri ankamunyamula Tadala, wina m'khwapa wina kumiyendo, n'kumutsitsa. Ali wamng'ono ankaseka nazo. Atakula, tsiku lina tili m'sitima pobwerera, anandiuza m'Chingerezi chake chija kuti sadzapitakonso. Sanalire, anangoyang'ana pawindo. Ndinamva, Amayi. Inu amene ulendo wanga womaliza uja munkakana kusambitsidwa ndi wina aliyense kupatula ine, mukanamvanso.

Kuntchito kwathu tili ndi makina onyamulira okalamba powachotsa pabedi, timawatcha hoisiti. Ndinafunsa a Brendan, mkulu wa kalabuyo, ngati kulibe otere a maboti. Anati alipo, koma amamangiridwa pa thandala loyandama pamadzi, ndipo kalabu ilibe ndalama zogulira zonsezo. Kenako anati boma limathandiza, kungoti pamafunika munthu wolemba mafomu. Anandiyang'ana. Munkanena inu kuti wofunsa njira ndi amene amasenzetsedwa katundu. Ndinalowa m'komiti tsiku lomwelo.

Ine ndinkayesa boma ndi khomo limodzi, ugogoda, atsegula. Ayi ndithu. Ndalama za zipangizo zimachokera ku unduna wa zamasewero, ndipo thumba lake silitsegulidwa chaka chilichonse, umadikira mpaka alengeze. Khoma la doko ndi la khonsolo. Pansi pa nyanja, mpaka pamene madzi amalekezera akadzaza (paja nyanja ya kuno imadzaza n'kuphwa kawiri patsiku), mwini wake ndi ofesi ina, imene imafuna chilolezo chakechake usanakhomepo ngakhale msomali. Malamulo a majekete oyandamitsa ali ndi eni ake, ophunzitsa ana amayesedwa ndi bungwe linanso. Onsewa ndi anthu aulemu, Amayi, amayankha imelo ndi zikomo kumayambiriro ndi kumapeto, koma aliyense amati yambirani kwa mnzangayo. A zamasewero ankafuna kalata ya khonsolo yotsimikiza kuti kalabu idzakhala pamalopo zaka zambiri. A khonsolo ankafuna aone kaye chilolezo cha pansi pa nyanja. A pansi pa nyanja ankafuna mapulani a injiniya. Injiniya ankafuna ndalama, ndipo ndalamazo ndi zimene tinkapemphazo.

Ndiye boma silipereka zonse, limati kalabu ionetse kaye gawo lake. Ndinakazinga mandasi masabata angati sindikudziwa, n'kumagulitsa kutchalitchi ndi kudoko. Azungu a kukalabu anawakonda mpaka kumandifunsa kaphikidwe, ine ndikufuna agule, osati aphunzire.

Tsiku lotsekera mafomu ndinali pa shifiti, ndiye akamwini anu anati anditumizira mapepala pa kompyuta. Munthu amayendetsa basi ya nsanjika mumzinda wonse wa Dublin osasochera, koma m'malo mwa kalata ya mitengo ya hoisiti anatumiza satifiketi ya ubatizo ya Tadala. Ndinadziwa patapita miyezi, atandilembera a kuofesi kufunsa mwaulemu kuti ubatizowo ukukhudza bwanji maboti. Mwayi wake anatipatsa masiku oti tikonze. Sindinawalankhule masiku awiri, ndipo iwo anadziwa kuti akuyenera.

Pali Loweruka lina ndinakhala pakhoma lija, Tadala atakana kubwera, ndikuyang'ana maboti oyera atandandalika ngati mbale pa thandala. Ndinakumbukira kuti inu, mukudwala komaliza, anakuwolotsani Shire pa bwato lochucha, achimwene akukapa madzi ndi kambale. Panalibe jekete, panalibe ofesi yofunsa chilolezo, panalibe fomu. Kuno boma lili ndi anthu olipidwa kuti aziganizira maboti osewerera. Ndinakwiya, koma wokwiyira sindinamupeze. Ndinatsala pang'ono kukabweza mapepala onse kwa a Brendan. Chinandiletsa n'chakuti kusiya kwanga sikukanawolotsa munthu aliyense ku Shire, kukanangotsekera Tadala m'nyumba.

Yankho linabwera chisanu chitatha. Anavomera ndalama za hoisiti, koma za thandala loyandama anakana, chifukwa chilolezo cha pansi pa nyanja chinali chisanatuluke. Ndipo ndalamazo sakupatsa m'manja, umayamba wagula, iwo n'kudzabweza ataona malisiti. A kalabu anasonkherana, tinagula. Makinawo anabwera okongola, onyezimira, n'kukagona m'kontena miyezi inayi chifukwa panalibe powamangirira. Ndinkati ndikatsegula kontena muja ndimve ngati ndagula chitseko nyumba ndilibe.

Pamenepo akamwini anu anakamba pafoni ndi achimwene a Fulanki kuti Esnati wapata ndalama za maboti kuboma. M'mawa mwake achimwene anandiimbira, akuti popeza zatseguka, ndiwaganizireko injini ya boti. Ndinawafotokozera ola lathunthu. Pomaliza anati, "Chabwino, ngakhale yakale." Mwana wanu ameneyo, Amayi, sanasinthe.

Chimene chinamasula zonse ndi mayi wina wa kukhonsolo, injiniya, amene anabwera kudzaona khoma pa nkhani ina ya ming'alu. A Brendan anamukokera ku kontena. Tsiku limenelo Tadala anali atavomera kutiperekeza. Ine ndinayamba kufotokoza za maofesi onse aja mmodzimmodzi, koma mwana anandidula. Anauza mayiyo kuti iye safuna thandala, safuna chilolezo, akungofuna kulowa m'boti osagwiridwa ndi manja a amuna. Mayi uja anayenda mpaka kumapeto kwa khoma, anasuzumira pansi, n'kubwerera. Anati pamwamba pa khoma ndi pa khonsolo yokha, sipafuna chilolezo cha nyanja, ndipo hoisiti itha kumangiridwa pomwepo, kungoti izigwira ntchito madzi akadzaza basi. Chaka ndi theka, Amayi. Maimelo odzaza thumba. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena zimenezi, chifukwa panalibe amene anabwera kudzaima pakhomapo. Ndinathokoza mayiyo, koma mumtima ndinkafuna kukuwa.

Anamangirira mwezi watha. Tsopano banja lathu likulamulidwa ndi nyanja. Pa firiji pali pepala la nthawi imene madzi amadzaza, ndipo ndimasinthana mashifiti ndi anzanga motsatira pepala limenelo. Madzi akadzaza seveni koloko m'mawa, ndiye kuti tizidzuka faifi kuti tipeze basi ndi sitima.

Loweruka lapitali linali tsiku loyamba. Ndinamumanga malamba ndine, monga ndimachitira kuntchito, n'kumupatsa kotabwanyira makinawo m'manja mwake. Anadzikweza yekha, anazungulira pamwamba pa madzi, n'kudzitsitsa pang'onopang'ono mpaka kukhala pampando wake. Amuna aja anaima patali, manja m'matumba. Ndinkayesa zatha, ndipukute misozi ndikakhale pabenchi. Mdzukulu wanu anayang'ana kumwamba n'kulankhula Chichewa, chimene sachita kawirikawiri. Anati, "Amayi, tsikani. Mwavutikira boti simunakwerepo."

Ndinatsika masitepe aja chokhala. A Brendan anandiveka jekete n'kukwera nafe. Titangotuluka pakamwa pa doko boti linapendekeka, ine n'kugwira mwendo wa a Brendan ndikutchula oyera mtima onse. Mandasi a m'mawa ndinawapereka kwa nsomba. Tadala sanandiseke. Anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, chingwe ndi linalo, maso ali pa thanga, n'kumandiuza kuti ndikhale mbali iyi, ndiweramitse mutu, ndisaope. Zaka fifitini ndakhala ndikumukankha mwana ameneyu, kumunyamula, kumuuza pokhala. Tsiku limenelo ndinali katundu wake, ndipo anandibweretsa pamtunda bwinobwino.

Thandala loyandama tikulifunabe, ndipo a Brendan andiuza kale kuti thumba lija likatsegulidwanso, wolemba ndine. Ndawayankha zimene sindingalembe m'kalata ya kwa inu. Koma ndikudziwa kuti ndilemba.

Ndikulonjezani chimodzi, ngakhale mundikalipire kumeneko. Kudziwe losambiramo la khonsolo kuno kwathu amaphunzitsa amayi kusambira Lachiwiri lililonse, ndipo ndalembetsa dzina, ndi imvi zangazi. Mwana wanga akakhala pamadzi, ine sindidzakhalanso pabenchi. Mupereke moni kwa ababa.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Mwana wanu,
Esnati